Mainchi Awiri Akwana, Kondwani

Kanyama, Lamulungu masana

Kondwani mwananga,

Ndikulemba ndili pakhonde, ndipo ndikukuona apo ukumanga matiresi ndi mipando kumbuyo kwa vaneti yako. Udabwa kuti mayi ako akukulemberanji kalata iwe uli pabwalo pomwepa. Chifukwa chake ukuchidziwa. Dzulo nditangoyamba kukamba za zitsulo zokwezera galimotozo, iwe unaseka n'kunena kuti, "Mami, imwe mumayopa maningi. Motoka za masiku ano si monga zija zakudala." Ine mtima unandipsa, ndinangolowa m'nyumba. Papepala pano sundidula mawu. Uwerenge mpaka kumapeto, ndipo uwerenge lero, chifukwa mawa m'mawa ndi pamene ukagule zitsulozo m'tauni musananyamuke.

Usaganize kuti ndikukana zoti vanetiyo ikwezedwe. Kumene mukupita, kuseri kwa Lundazi uko, kutsikira kuchigwa kokagula mpunga ndi mtedza, misewu yake ndinaiona ndili mtsikana, ndipo sindikhulupirira kuti inasintha kwambiri. Komanso Mwape, mkazi wako, ali ndi pakati, ndipo mwezi wake udzagwera pakati pa dzinja. Galimoto yomwe idzanyamule matumba ndi yomweyo idzamuthamangitsire kuchipatala. Ikwezedwe ndithu. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chithunzi chija unandionetsa pafoni: galimoto yaitali ngati nkhokwe, ndi mulu wa zitsulo zimene mnyamata wa ku Matero uja akuti akugulitsa zonse pamodzi motchipa. Ndinayang'anitsitsa muluwo. Munali mabuloko okhuthala, munali masipesa otalikitsira kutsogolo, koma munalibe mashoko oletsa galimoto kudumphadumpha, munalibe mabawuti atsopano, munalibe paipi ya mabuleki. Mulu wotere ndinauonapo kale ndi maso angawa, uli pansi pa mtengo pa garaja ina ku Garden.

Iwe unali wamng'ono, sukumbukira zambiri za vaneti yathu yabuluu ija. Umangodziwa kuti inachita ngozi ndipo mkono wa atate ako unaumira pamenepo. Atate ako sakamba za tsikulo, inenso ndakhala ndikungolambalala. Lero ndikufotokozera kuyambira pachiyambi, chifukwa ngoziyo sinayambe tsiku limene tinagwa. Inayamba tsiku limene tinasankha zitsulo.

Tinkapikula matimati kumadimba a cha ku Chongwe n'kudzagulitsa kumsika wa Soweto. Atate ako ankayendetsa, ine ndinkakhala pambali pawo, ndine ndinkatsutsana mitengo ndi alimi. Chaka china mvula inavuta. Ukudziwa mmene Kanyama amakhalira madzi akadzaza, osadziwa kuti msewu ndi uti, ngalande ndi iti, chimbudzi cha mnzako chinali pati. Tsiku lina madzi analowa pachitseko mpaka kundinyowetsa chitenje ndili m'galimoto. Ndi pamene tinapita kwa Ba Mulenga, makanika amene atate ako ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Anali munthu wabwino, wofuna kutithandiza, ndipo ankadziwa kuti m'thumba mwathu munali mochepa. Anadula zitsulo n'kupanga mabuloko, awiri mbali ino, awiri mbali inayo, n'kuwasanjika pakati pa masipuling'i ndi chitsulo cha mawilo akumbuyo. Kutsogolo anapotokola zimene anapotokola kuti kulingane. Atamaliza anapukuta manja n'kunena kuti, "Bamayo, musade nkhawa, ivi visulo ni vokosa maningi. Manje izayamba kuyenda pa manzi monga boti." Titamva kuti zitsulozo n'zolimba, tinabwerera kunyumba tikuyang'ana maminibasi pansi. Iwe unaombera m'manja pageti.

Sabata yomweyo tinagunda mwala panjira ya kumadimba, mwala womwe tinkaugunda kale lonse. Phokoso lake linamveka mpaka m'mano. Atate ako anatsika, anagwada, anakhala nthawi akuyang'ana kunsi, kenako anati, "Amake Kondwani, takweza nyumba, koma chimutu ichi chili pomwe chinali." Ankanena difu, chimutu cha chitsulo chija chili pakati pa mawilo akumbuyo. Chimenecho sichikwera ndi mabuloko kapena masipuling'i, chimakwera ndi tayala basi. Choncho mwananga, ngakhale utaikweza kuti anthu azikwera ndi makwerero, chimene chimakola mwala ndi mtumbira wa pakati pa msewu chidzakhala pomwepo. Ubwino wokweza pang'ono ndi woti mimba ya galimoto isakhule, isagwade ikalemedwa, ndi kuti tayala lokulirapo lipeze malo. Pa zimenezo mainchi awiri akwana. Matayala amene uli nawo akadali ndi mano, usawataye. Akadzatha, udzagule okulirapo pang'ono chabe, chifukwa akuluakulu aja amamwa mafuta, amalemetsa mabuleki, ndipo likakuphulikira kuchigwa sukapeza linzake.

Chachiwiri chimene tinaphunzira ndi mashoko. Ba Mulenga anasiya akale omwe aja, ndipo galimoto itakwera iwo anakhala ofupika. Tikagwa m'dzenje ankakoka mpaka kumapeto n'kulira gu! ngati munthu wamenya mgolo. Posakhalitsa anakha mafuta. Tinakagula ena kwa munthu wina woyala katundu wake pansi m'mbali mwa msewu, a m'bokosi lonyezimira, lolembedwa bwino kuposa chikalata cha ukwati. Mwezi usanathe anali atafa. Vaneti inkavina. Ukadutsa pa bampu inkapitiriza kugwedera mpaka mseru. Matimati a m'mabokosi apansi ankafika ku Soweto ali madzi okhaokha, amayi ogula aja n'kumandiseka kuti ndayamba kugulitsa supu. Tinabwerera pamalo paja kukadandaula, tinapeza pali mayi wogulitsa zitumbuwa.

Ndiye tamvera. Ndalama zako ndi zochepa, ndikudziwa, ndipo zina ziyenera kudikira mwana. Pamene ukayambire ndi pa mashoko. Ukagule m'sitolo yokhala ndi chitseko, yopereka risiti, yoti ukhoza kudzaipezanso chaka chamawa. Ukawauze mtundu wa galimoto, chaka chake, ndi kuti ukukweza mainchi awiri, kuti akupatse aataliko oyenera kukwerako. Ugule awiriawiri, lamanzere ndi lamanja ofanana, osati lina latsopano lina lakale. Ukalitulutse m'bokosi, ulikanikize ndi thupi lako lonse. Likangolowa mofewa ngati ukubaya papaya, libwezere. Usachite manyazi ndi anyamata a m'sitolo. Iwo mawa adzakhala pa kauntala pomwepo akumwa zoziziritsa kukhosi, iwe uli m'matope ndi mkazi wako wodwala.

Tsopano za mabuloko aja. Kuti awamange, Ba Mulenga anagwiritsa mabawuti akale opindika ngati U, amene amakumbatira masipuling'i. Anali ofupika, ndiye manati anangogwira kunsonga. Patapita miyezi, mabuloko anayamba kusuntha, lapamwamba kutsetsereka pa lapansi. Ife m'kati sitinkadziwa. Tinangoona kuti chiwongolero chapendekeka pamene msewu uli wowongoka. Tsiku lina kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa, "Ba mudala, motoka yanu iyenda cham'mbali monga galu!" Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Atate ako sanaseke. Anakamangitsa manatiwo, koma mabawuti anali omwe aja, otopa kale.

Kumbuyo kwa vaneti yako musalowe mabuloko osanjikiza, Kondwani. Ndanena musalowe. Iwe ukanyamula matumba olemera, ndipo buloko silithandiza kunyamula, limangotalikitsa miyendo. Chimene ukufunika ndi chitsulo chimodzi chowonjezera pa masipuling'i mbali iliyonse, chija amati lifu. Chimakweza pang'ono, komanso chimagwira katundu kuti galimoto isakhale pansi ngati bakha. Ikakhala yopanda katundu idzauma pang'ono, udzamva mabampu m'chiuno, ndiye ukatenga Mwape uziponyamo matumba awiri kumbuyo. Mabawuti a U akhale atsopano. Ndi otchipa kuposa chilichonse pa zonsezi, ndipo ndi amene anthu amayamba kuwadumpha. Mukakafika ku Lundazi ukawamangitsenso, chifukwa atsopano amakhazikika galimoto ikayenda. Makanika akakuuza kuti akalewo akadali bwino, umuyankhe kuti mayi anga ndi ovuta. Undinamizire ine, sindidandaula.

Kutsogolo kwa yako n'kosiyana ndi kwa yathu ija, zimenezo ndikuvomera. Koma zaka zonse zimene ndakhala pa mabenchi a m'magaraja ndikudikira magalimoto a anthu amene ndinkachita hayala, ndaona ambiri a mtundu wa yakoyi atapachikidwa pa jeke. Amene anaika masipesa okhuthala amabwera ndi nyimbo imodzi. Mfundo za kumawilo zimagwira ntchito zitapindika, mphira zake zimang'ambika, fumbi n'kulowa, kenako ukamakhota imayamba kulira ka-ka-ka. Ndinaonapo ina pa msewu wa Mumbwa, wilo litagonera m'kati ngati mwendo wothyoka, mwini wake ataima pambali manja ali kumutu, nyali zake zokongola zili ndandanda padenga. Ngati ndalama sizikukwana masipuling'i atsopano akutsogolo, ika sipesa yopyapyala, yongolinganiza ndi kumbuyo. Koma asanamange chilichonse, makanika agwedeze wilo lililonse, aone mphira zija amati mabushi ndi mfundo zija amati mabolojointi. Chimene chatha chisinthidwe kaye. Kukweza galimoto yokhala ndi mfundo zotha n'kufulumizitsa tsiku lake. Akamaliza, ukapange alaimenti yowongola mawilo tsiku lomwelo, apo ayi matayala ako adzadyeka mbali imodzi mvula isanagwe. Nyali zakutsogolo azitsitsenso, usamakathobwe anzako m'maso.

Malimu a mawilo onyezimira aja, chitsulo chakutsogolo chija, nyali za padenga, zonsezo zisiye. Sizikoka galimoto m'matope. Ukadzalemera udzagule, ine ndidzabwera kudzajambulitsa.

Tsopano ndifike pa tsiku lija.

Kunali kotentha, mvula isanayambe. Matimati anali atatchipa kumadimba, ndiye tinapakira mabokosi mpaka kupitirira denga. Potuluka m'dimba panali kangalande kodutsa msewu mopingasa. Wilo lakumbuyo linagweramo, galimoto inapendekeka, n'kutuluka. Sitinamve chilichonse. Koma pamenepo paipi ya mphira yopititsa mafuta a mabuleki kumawilo akumbuyo inakokeka n'kung'ambika. Paipiyo inapangidwa ya galimoto yosakweza. Chikwezereni inali ikukhala yokungika ngati chingwe choyanikira zovala, ndipo palibe anaganizapo zoiyang'ana, kaya Ba Mulenga, kaya ife.

Patsogolo pake panali mtsetse wotsikira kumtsinje, pansi pake pali kona. Ndinaona mwendo wa atate ako ukuponda buleki, n'kupondanso, n'kupondanso. Ndinamva chopondera chikugunda pansi. Iwo sanakuwe. Anangoti, "Gwira, amake Kondwani. Gwiritsa." Anabweza giya, injini inalira, anakoka buleki ya pamanja, liwiro linatsikako ndithu. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ikanakhala pa msinkhu wake wakale tikanakhota konayo. Koma inali yaitali, katundu ali pamwamba. Ndinamva mbali yanga ikunyamuka pang'onopang'ono ngati munthu akundikweza pa mpando, ndinaona mitengo itapendekeka, kenako tinagwera mbali ya atate ako n'kukhula pansi.

Windo lawo linali lotsegula chifukwa cha kutentha. Mkono unatulukira kunja, galimoto n'kuugonera.

Ine ndinapezeka ndawagwera pamwamba, ndilibe bala lalikulu. Ndinatulukira pawindo langa ngati ndikutuluka m'chitsime. Msewu wonse unali wofiira. Mayi wina amene ankachapa kumtsinje anabwera akuthamanga, ataona kufiirako anagwa pansi n'kuyamba kulira maliro, mpaka ine wovulalane ndinachita kumugwira phewa n'kumuuza kuti ndi matimati. Amuna a m'madimba anabwera ndi mitengo, anatukula galimoto, tinawasolola atate ako. Sanakomoke. Tili pa thirakitala ya mlimi wina kupita kumsewu waukulu, mutu wawo uli pamiyendo panga, anandifunsa kuti, "Mwana amutenga ndani kusukulu?" Iwe tsiku limenelo unakhala pageti la sukulu mpaka aphunzitsi anakuperekeza okha, ndipo unandikwiyira kuti ndinakuiwala.

Mkono madokotala anaupulumutsa, koma ukuuona mmene ulili. Ba Mulenga anabwera kuchipatala, anaima kumiyendo kwa bedi chipewa chili m'manja. Atate ako ndiwo anayamba kuwatonthoza. Palibe anafuna zoipa, mwananga, ndipo chimenecho ndicho chimandiopsa kwambiri. Mnyamata wako wa ku Matero nayenso mwina sakufunira zoipa.

Choncho mukakafika ku Chipata, kumene ukuti mnzako akakumangira zitsulozi, usakachoke n'kupita kukadya. Ukaime pomwepo. Akamaliza, akaikweze pa jeke mpaka mawilo alendewere m'malere, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ukalowe kunsi iwe mwini, ukagwire paipi iliyonse ya mabuleki ndi zala zako. Ikhale yomasuka, yokhala ndi kapindi. Kutsogolo akapotoze chiwongolero mbali zonse mpaka kumapeto, iwe ukuyang'ana. Ikangooneka yokungika, isinthidwe ndi yaitaliko galimoto isanatsike pa jeke. Tinthambo tamagetsi topita kumawilo ukationenso chimodzimodzi. Mapaipiwo ukagule mawa konkuno, kuti mnzakoyo asakapeze ponamizira kuti ku Chipata kulibe. Ngati ndalama zathera panjira, bola kuyenda ndi galimoto yosakweza kusiyana n'kukweza mapaipi ali akale. Bwerezanso kuwerenga mzere umenewu.

Ndipo ikakwera, ngakhale mainchi awiri omwewo, si galimoto imene unaizolowera. Pa kona uzichepetsa liwiro kuposa kale. Zolemera uziika pansi, pafupi ndi kumutu kwa galimoto, zopepuka pamwamba. Alimi adzakuchonderera kuti thumba limodzi lokha, abwana, limodzi lokha. Uzikana. Iwe uli ndi mtima wa atate ako, sutha kukana munthu akakuyang'ana m'maso, ndiye uziyang'ana matayala.

Kwatsala chinthu chimodzi chimene zitsulo sizingakonze. Mitsinje ya kuchigwa ikadzaza siona kuti galimoto ndi yaitali kapena yaifupi. Ndikudziwa mmene mwamuna amaganizira akakhala pampando wokwera, mkazi akubuula pambali pake, madzi ali patsogolo. Amati ndidutsa. Usadzafike pamenepo, Kondwani. Mwezi wa Mwape usanakwane, mitsinje isanayambe kukwiya, udzamutengere ku Chipata kwa azakhali ako, kapena umubweretse kuno ndidzamusamale ndekha. Adzakana, adzati safuna kukusiya wekha, ndamuona mmene amakuyang'anira. Udzamuuze kuti apongozi ake alamula. Dzulo akundithandiza kutsuka mbale anandiuza motsitsa mawu kuti, "Bamayo, nili na mantha, koma musamuuze." Ndakuuza. Usamuonetse kuti ukudziwa, ungomuyendetsa bwino.

Ndimati nditsekere pamenepa, koma atate ako angochoka pano. Anabwera n'kukhala pa mpando wawo, akuyang'ana iwe ukulimbana ndi zingwe, n'kundifunsa kuti ndikulemba chiyani chachitali chonchi. Nditawauza anati, "Pepala silingagwire paipi." Ndinati nanga nditani. Anati kumbuyo kwa mpando wa dalaivala kuli malo, munthu mmodzi akhoza kukhalapo mpaka ku Chipata, n'kudzabwerera pa basi ntchito ikatha. Anatero akuyang'ana kumbali, ngati akunena za munthu wina. Atanyamuka ndinawamva m'chipinda akufunafuna ovolosi yawo yakale.

Iwo sakupempha, ukuwadziwa. Dzulo utawaonetsa chithunzi chija anangoti zili bwino, chifukwa amaona ngati munthu amene anagwetsa galimoto alibe pakamwa polangiza mnzake. Ndiye ukamaliza kuwerenga, upinde kalatayi, uike m'thumba, usabwere kwa ine. Upite kwa iwo. Ukawauze kuti sukudziwa bwino kusankha mashoko, ndipo ungakonde atakuperekeza kusitolo mawa ndi ku Chipata komwe. Ukanene ngati maganizowo ndi ako. Akayamba kukanakana, uumirire.

Ovolosiyo ili m'sutikesi ya pansi pa bedi. Ndikaichape tsopano dzuwa lisanalowe, kuti iume.

Mulungu akutsogolereni nonse, ndi kamene kali m'njirako.

Ndine mayi ako,
Amake Kondwani